Mabampu a kumwamba kopanda mitambo

Mutu wa sabata ino pa phunziro la zanyengo wandisowetsa tulo: n'chifukwa chiyani ndege imagwedezeka kunja kuli mbee, popanda ndi kamtambo komwe? Ndinakula ndikumva zoti mumlengalenga muli maenje opanda mpweya, ndiye ndege imagweramo. Si zoona. Mpweya ulipo ponseponse, chimasiyana ndi liwiro lake basi.

Pa makilomita 9 mpaka 12 kuchokera pansi, komwe ndege zikuluzikulu zimadutsa, kuli mphepo yotchedwa jet stream, yoomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, nthawi zambiri mopitirira makilomita 200 pa ola. Wasaburo Ooishi wa ku Japan anaiyeza m'ma 1920 poulutsa mabaluni, koma poti analemba mu Esperanto, chilankhulo chochita kupangidwa ndi munthu, ochepa okha ndiwo anawerenga. Kwa opita kum'mawa mphepoyi ndi mwayi: mu February 2020 ndege ya British Airways inachoka ku New York n'kutera ku London m'maola 4 ndi mphindi 56 zokha.

Vuto lili m'mphepete mwake. Zinandilowa m'mutu nditakumbukira mtsinje wakwathu m'dzinja. Pakati madzi amathamanga, m'mbali amangoyenda chizolowezi, ndipo pamene akumanirana mpamene udzu ndi timitengo timazungulirazungulira. Kumwamba n'chimodzimodzi. Mpweya wothamanga ukakhulana ndi wodekha pamabadwa mafunde, mafundewo n'kusweka, ndege n'kuyamba kudumpha ngati minibasi pamsewu wa fumbi.

Chondidabwitsa n'chakuti radar ya ndege siona mafunde amenewa. Iyo imaona madontho a madzi a m'mitambo, pomwe apa mpweya ndi wouma. Oyendetsa ndege amadalira zolosera za akatswiri ndi kuuzana pa wailesi, amene ali kutsogolo n'kuchenjeza a m'mbuyo kuti akwere kapena atsike pang'ono. Nthawi zina chenjezo limachedwa. Pa 28 December 1997 ndege ya United Airlines yochoka ku Tokyo kupita ku Honolulu inagwedezeka koopsa pamwamba pa nyanja ya Pacific, munthu mmodzi n'kumwalira, ndipo inabwerera ku Japan. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake amati lamba akhale womanga ngakhale kagetsi kokumbutsa za lamba kazima.

Pa ntchito ya kalasi ndinapereka chitsanzo cha ndege ya Singapore Airlines imene inagwedezeka koopsa pa 21 May 2024, aphunzitsi n'kudula mzere wofiira. Pamwamba pa Myanmar tsikulo pankakula mitambo ya mvula yamabingu, ndiye sitingangoiponya m'gulu la kugwedezeka kopanda mitambo. Mamalikisi awiri anapita choncho.

Akatswiri a ku University of Reading anapeza mu 2023 kuti kumpoto kwa nyanja ya Atlantic kugwedezeka kwamphamvu kotereku kunawonjezeka ndi 55 peresenti pakati pa 1979 ndi 2020, ndipo akuloza chala kutentha kwa dziko. Mayeso ndi Lachisanu, koma masamu a Richardson number, nambala yosonyeza ngati mpweya ungayambe kuwinduka, ndikadalimbana nawo.