Lachitatu, a Madamu afika ku Mchinji

Uthenga unabwera dzulo madzulo pa WhatsApp: a Madamu, mphunzitsi wathu wa ku koleji, afika lero kudzaona mmene attachment, nthawi yathu yophunzira ntchito poigwira, ikuyendera. Ine ndi mnzanga amene tinatumizidwa limodzi kuno tinagona mochedwa, tikudzaza logbook. Aliyense amene anaphunzirapo social work, ntchito ya chisamaliro cha anthu, akudziwa kuti buku limeneli limakumbukiridwa usiku woti mawa kubwera oyendera.

Anatsika minibasi yochokera ku Lilongwe cha m'ma 9, atamanga chitenje, kumapazi nsapato zophwatalala. M'kalasi sitinawaonepo chonchi. Mpando wa mu ofesi anaukana. "Mafayilo ndiwerenga masana. Lero mukupita kuti?" Tinali ndi ulendo wa kumudzi wina cha ku Kamwendo, basi anakwera nawo njinga yamoto.

Khomo limene tinapitako ndi la agogo ena amene akulera zidzukulu zamasiye, ndipo amalandira nawo Mtukula Pakhomo. Tisanalowe, a Madamu anatifunsa kuti ndondomekoyi inayambira kuti. Tinayankha limodzi ngati ana a Sitandade 1: konkuno ku Mchinji, mu 2006, boma likuyesa mothandizidwa ndi UNICEF, isanafalikire m'maboma onse. Anafunsanso kuti imasankha ndani. Mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu woti n'kugwira ntchito. "Ndiye ganizirani," anatero, "khomo lotere likakhala ndi mtsikana amene wakula, anthu amamuona bwanji?"

Nkhani yake inali yomweyo. Mdzukulu wamkulu ali ndi zaka 16, sukulu anasiya, ndipo pali mwamuna wochita geni ya mtedza, wodutsadutsa pa Mwami kupita ku Chipata, amene anabweretsa kale thumba la feteleza pakhomopo. Ine m'mutu ndinali nditandanda malamulo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, n'kutseka mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15 mpaka 18. Palinso lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, limene tinalilemba pa mayeso mpaka dzanja kuwawa.

A Madamu sanatchule ngakhale limodzi kwa agogowo. Anakhala pamphasa, moni wautali, za mvula ya chaka chatha, za bondo limene likuwavuta. Kenaka: "Agogo, malume ake a mwanayu ali kuti?" Agogo anaseka pang'ono, nati, "Mwana wanga, wafunsa bwino. Ine ndingomva zimene anena eni mbumba." Anatuma kamnyamata kukawaitana kudimba.

Apa m'pamene ndinakumbukira bambo amene anatiphunzitsa sociology, phunziro la kakhalidwe ka anthu, chaka choyamba. Anthu ankawanena kuti amangowerenga manotsi, ndipo n'zoona, kalasi yawo inali ya tulo, makamaka ikakhala masana. Koma ndi iwo amene anatijambulira pabolodi kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa, ndi udindo wa mwini mbumba pakati pa Achewa. Pali chizolowezi pakati pa ophunzira chogawa aphunzitsi pawiri, a m'mabuku ndi a kumudzi, n'kumatamanda achiwiriwo. Ine sindikuvomereza kwenikweni. Funso la a Madamu linachokera pa bolodi lomwe lija. Chimene a Madamu ali nacho chapadera ndi kudziwa nthawi yolifunsira, ndipo chimenechi anachitenga ku ntchito: anayambira ku Magomero, ku Chiradzulu, kumene boma limaphunzitsira alangizi a zachitukuko ndi a chisamaliro cha anthu, nagwira ntchito m'maboma zaka zambiri asanakatenge digiri.

Tikudikira malume, mnzanga anapita ndi mtsikanayo kuseri kwa nkhokwe kukacheza awiriwiri. Zimene anakambirana sindilemba pano, ndi za mufayilo.

Malume atafika, pamodzi ndi nyakwawa, a Madamu anasintha mawu. Anawauza mosazungulira kuti ukwatiwo ndi wosaloledwa, kuti nkhaniyi itha kufika kupolisi ku Victim Support Unit, ndiponso kuti mwana akhoza kubwerera kusukulu. Anatchulanso Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inatchuka ndi kuthetsa maukwati a ana, uku akuyang'ana kwa nyakwawa. Malume anangoti, "Ndamva, amayi." Sanati avomera. Za feteleza anati aganizire, chifukwa theka anagawana kale. Tinapangana kuti mlangizi woteteza ana wa m'deralo ndi amayi a mother group, gulu lolimbikitsa atsikana maphunziro, ya pasukulu yapafupi apitakonso sabata yamawa, ndipo tinasiyira mtsikanayo nambala yaulere ya 116, yothandizira ana amene ali pamavuto.

Masana kunali mafayilo. Pa lipoti lililonse pamene panalembedwa kuti "banjali ndi losauka kwambiri" anadula mzere wofiira. "Ndani sakudziwa? N'chifukwa chake mwapitako. Ndilembereni zimene ali nazo: dimba, mbuzi, mlongo amene ali ku Lilongwe, mpingo umene amapemphera. Thandizo mudzalimanga pa zimenezo." Apa ndinalibe mawu otsutsa.

Pamene tinasiyana maganizo ndi pa nkhani ya sopo. Potsanzika kumudzi kuja mnzanga anapatsira agogo ndalama pang'ono ya m'thumba mwake kuti agule sopo, ndipo a Madamu anaona. Mu ofesi anamudzudzula, mofatsa koma mosabisa: wogwira ntchitoyi sapereka zake, chifukwa mawa akadzabwera chimanjamanja adzaoneka ngati wasintha mtima, ndipo khomo loyandikana nalo lidzafunsa kuti ife bwanji. Mfundoyi ndikuidziwa, ili m'maphunziro a ethics, a khalidwe loyenera pa ntchito. Koma ndinawafunsa kuti, Madamu, kwathu kuno munthu amalowa pakhomo pa nkhalamba, kulandiridwa ndi mbale ya mtedza, n'kutuluka osasiya kanthu? Malamulo ambiri a ntchitoyi analembedwera maiko kumene wothandizidwa amabwera ku ofesi pa ola lake, osati kumene wakhala pamphasa yake n'kudya chakudya chake. Anandiyang'ana kanthawi, nati mtedzawo ndikanatha kudya pang'ono n'kuthokoza, osalipira. Kenaka anati ngati ndikuona kuti mfundoyo siyikukwanira kuno, ndilembe masamba asanu ofotokoza chifukwa chake, ndi zitsanzo, ndiwatumizire pofika Lachisanu.

Mnzanga anaseka mpaka kudepoti, kumene tinakawaperekeza. Malikisi sanatiuze, akuti tidzawaona ku koleji. Magetsi azima, foni yatsala pang'ono kutha moto, ndipo masamba asanu aja ndalembapo mutu wokha. Mawa m'mawa tili kubwalo la milandu ya ana, pa nkhani ya mnyamata amene anagwidwa ndi nkhuku za eni.