Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Ketulo yomwe ndinatsala pang'ono kuifufuta

Gawo lapitali ndinasiyira pomwe imelo ija inafika yoti anditenga kukhala m'modzi mwa anthu odzipereka ku GDC, aja amawatchula kuti ma CA. Kwa inu amene simunamvepo, GDC ndi msonkhano waukulu wa anthu opanga magemu, umachitika mwezi wa Malichi ku San Francisco mu Moscone Center. Si wa osewera magemu kwenikweni ayi, ndi wa eni ake opangawo, olemba ma code, ojambula, okonza nyimbo ndi phokoso la mfuti, kuphatikizapo mabwana osayina macheke. Tikiti yolowera paliponse ndi yodula moti mwana wasukulu ngati ine ndikanagulitsa laputopu koma osakwanabe, ndiye ukakhala CA umagwira ntchito maola angapo m'sabatayo, kuima pakhomo kumasikana mabaji, kulondolera anthu osochera, iwo n'kukupatsa baji yaulere. Chinali chaka cha 2024, pa 18 mpaka pa 22 Malichi, ine nditatsala ndi miyezi iwiri kuti ndimalize digiri ya zojambula za magemu.

Usiku woti mawa ndinyamuka sindinagone, ndimasanja potifoliyo yanga, ndiye kuti ntchito zanga zoonetsa olemba ntchito, pa webusaiti ya ojambula yotchedwa ArtStation. Munali zinthu 14. Pamwamba penipeni ndinaika chinjoka changa chamapiko chomwe ndinachisema pa kompyuta mu pulogalamu ya ZBrush kwa miyezi inayi, mamba ake lililonse palokha, anzanga m'kalasi akachiona ankangoti eee. Kenako msilikali wazitsulo, galimoto yowuluka, nkhope za anthu ziwiri zitatu, zojambula pamanja, chilichonse chimene ndinapangapo chiyambire chaka choyamba ndinangokhuthuliramo, maganizo anga anali akuti aone kuti ndimatha zonse. Kumapeto kwenikweni kunali ketulo. Ketulo wamba yakale yopindika m'mbali, ndinaipanga mu pulogalamu ya Blender sabata imodzi ngati asayimenti yomwe sindinkaifuna n'komwe. Chala chinali kale pa batani lofufutira koma ndinaona kuti mzere wapansi utsala ndi mpata wonyasa, basi ndinaisiya kuti itseke dzenjelo.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinathera pakhomo ku Moscone West, miyendo kuwawa ngati ndabwereka. Koma ntchito yosikana mabaji ili ndi ubwino wake, dzina la munthu ndi situdiyo yake umaziwerenga iye asanayankhule, ndiye kangapo konse ndinazindikira mochedwa kuti bambo amene ndangowauza kuti m'chipinda mwadzaza adikire panja ndi amene anapanga gemu yomwe inandilepheretsa mayeso ndili wamng'ono kkkk. CA wina wachikulire amene wakhala akubwera zaka zambiri ndiye anandiuza kuti chinthu chonsechi chinayambira pabalaza m'nyumba ya wopanga magemu wina dzina lake Chris Crawford ku San Jose mu 1988, anthu osakwana 30. Ine ndinayang'ana chigulu cha anthu chikutsika pa masitepe oyenda okha aja, chaka chimenecho tinalipo pafupifupi 30,000, ndinangopukusa mutu.

Chimene sindinakonzekere ndi nkhope za anthu. Ndinkayembekeza chisangalalo, ndinapeza ngati pamaliro pomwe anthu akuyesetsa kuseka. Mu 2023 anthu oposa 10,000 anachotsedwa ntchito m'makampani a magemu, ndipo mu Januwale 2024 Microsoft yokha inali itachotsa 1,900. Tsiku lina masana gulu la opanga magemu linasonkhana pa kapinga wa Yerba Buena Gardens pafupi pomwepo n'kukuwa onse pamodzi, kukuwa basi opanda mawu, kutulutsa mkwiyo. Ine ndinaima pataliko ndi thabuleti yanga m'manja ndikudzifunsa kuti kodi nyumba imene ndikugogoda kuti andilowetseyi si yomwe ikupsayi?

Lachitatu malo owonetsera zinthu atatsegulidwa ndinakaima pa mzere wa situdiyo ina yomwe imaona mapotifoliyo a anthu, dzina lake sinditchula. Kutsogolo kwanga kunali bambo wa imvi amene wagwira ntchitoyi zaka zoposa khumi, naye thabuleti m'manja ngati ine. Ndinasuzumira pa sikirini yake mwakuba, mtima unangoti phwii. Ndinafuna kuchoka pa mzerewo, zoona, kungoti kumbuyo kunali kutadzaza kale anthu ndiye manyazi anandigwira.

Patatha ola ndi theka ndinakhala pansi moyang'anizana ndi mayi wina wamagalasi, mkulu wa ojambula pa situdiyopo, wotopa mooneka. Ndinayamba kulakatula mawu omwe ndinaloweza pagalasi, iwo anangotambasula dzanja kulandira thabuleti. Chinjoka changa cha miyezi inayi anachiyang'ana mwina masekondi asanu.

"Wireframe yake ili kuti?"

Wireframe ndi chithunzi cha mizere yokhayokha choonetsa m'mene chinthu chamangidwira. Ndinati sindinaike.

"Mapoligoni angati?"

Mapoligoni ndi tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timalumikizana kupanga thupi la chinthu cha pa kompyuta. Ndinatchula mamiliyoni ake monyadira, ndimaona ngati ndi chinthu chotamandika. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena modekha kuti ichi ndi chosema chokongola koma mu gemu sichingalowe. Gemu imayenera kujambula chithunzi chatsopano ka 30 kapena ka 60 pa sekondi iliyonse, ndiye chinthu cholemera chonchi umayenera kuchimanganso ndi mapoligoni ochepa, kutambasula ma UV (kuyala khungu la chinthucho ngati nsalu kuti utoto ukhalepo bwino), kenako timizere tonse ta mamba tija n'kutisamutsira mu normal map, kachithunzi kokutira pamwamba pake, kuti diso lizinamizidwa kuti tilipo pomwe palibe. Zonsezi ndinkazidziwa abale, tinaphunzira chaka chachiwiri, kungoti gawo limenelo ndi lotopetsa ndipo silibweretsa ma like.

Anapitiriza kutsitsa ndi chala, msilikali, galimoto, nkhope zija, osaima. Anandifunsa kuti kodi inuyo mukufuna ntchito yanji, yopanga anthu, yopanga malo, kapena yojambula malingaliro oyambirira? Ndinati iliyonse. Anati ntchito yotchedwa iliyonse kulibe, situdiyo ikamalemba munthu imakhala ili ndi mpando umodzi wopanda munthu ndipo imafuna kudziwa ngati mukukwanapo. Apa n'kuti ine m'maso mutayamba kale kutentha, ndikungoyang'ana pakona ya tebulo pomwe panamatuka pulasitiki.

Kenako chala chija chinaima.

Anaikuza ketulo ija mpaka inadzaza sikirini yonse. Anaizunguza. Anatsegula chithunzi cha wireframe, poti iyi yokha ndiye inali nacho chifukwa aphunzitsi anatikakamiza, matrayango ake osakwana 4,000, ma UV osanjidwa bwino, utoto wopaka mu pulogalamu ya Substance Painter, chithunzi chomaliza chojambulidwa mu Unreal, pulogalamu yopangira magemu. Anakhala chete nthawi yaitali kuposa yonse yomwe anathera pa zinthu 13 zinazo. Anakuza pa chogwirira pomwe utoto wakuda unasupuka n'kutsala chitsulo chonyezimira, mbali imodzi yokha.

"Mwini ketuloyi ndi wamanzere eti?"

Ine kukamwa yasa. Palibe ndinamuuzapo zimenezo, ngakhale aphunzitsi amene anachonga sanazione. Wamanzereyo ndine. Nthawi yomwe ndimaipanga ndinatenga ketulo yeniyeni n'kuinyamula kambirimbiri kuona pomwe chala chachikulu chimakhudza, pomwe imagunda ukamaitsitsa, pomwe mwaye umakwera kuchokera pansi n'kulekera, ndipo ndinachita zimenezo osati chifukwa cha luso ayi, ndinkangofuna kuthana nayo msanga osaganiza zambiri, ndiye kukopera chinthu chenicheni kunali kophweka.

Mayi aja anati anthu ambiri akafuna kuti chinthu chioneke chakale amangothira zokala paliponse mofanana ngati chagubuduzika m'phiri, pomwe chinthu chimatha pamalo pomwe dzanja limafikapo. Anati mu gemu yaikulu muli zinthu zikwizikwi zoterezi, mipando, zidebe, nyali, maloko, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi basi. Anatenga kakhadi kawo n'kulemba kumbuyo ndi bolopeni: chotsani 9, pangani zinthu zina 5 za m'nyumba ya munthu yemweyu. Ndinafunsa kuti nanga chinjoka? Anaseka koyamba, anati chisungeni mukaonetse agogo anu. Ndinathokoza kawiri kapena katatu, ndinadzuka n'kuiwala chikwama pansi pa mpando mpaka munthu wotsatira pa mzere anachita kundithamangira.

Kunena zoona ndinatuluka nditakwiya. Miyezi inayi! Ndinazungulira ku alt.ctrl.GDC komwe anthu amaonetsa magemu oseweredwa ndi zipangizo zachilendo zopanga okha, anthu akuseka, ine osaona kanthu, m'mutu ndikungokangana ndi mayi aja, mayankho onse abwino akubwera tsopano pomwe mwini wake kulibe.

Madzulo ake kunali mwambo wa mphoto. Baldur's Gate 3 inatenga ya gemu yopambana ya chaka, zomwe aliyense ankayembekeza. Koma ku mbali ya magemu a timagulu tating'ono, ya IGF, mphoto yaikulu inapita kwa Venba, kagemu kakafupi kopangidwa ku Toronto konena za banja la Chitamil lomwe linasamukira ku Canada, nkhani yonse ikuyenda kudzera m'kuphika. Akuonetsa zidutswa zake pa sikirini yaikulu ija ine maso anali pa mapoto ndi zivundikiro, holo yonse ikuombera m'manja gemu ya ziwiya za kukhitchini, ndinagwira m'thumba kuona ngati kakhadi kaja kalimo.

Ku hositelo tinagona anthu 6 chipinda chimodzi, wina akuliza mkonono ngati jenereta. Ndinafunda bulangete kumutu, kuyatsa laputopu, n'kuyamba kuchotsa. Msilikali anapita, galimoto inapita, nkhope zija sindinazimvere n'chisoni chomwe. Chinjoka ndinachisiyira kumapeto, ndinachiyang'ana mpaka batire linayamba kulira, kenako ndinachibisa m'malo mochifufuta, mtima wanga si wachitsulo. Ketulo ndinaikokera pamwamba penipeni. Cha m'ma 3 koloko ndinatsegula kope n'kuyamba kulemba zomwe munthu wamanzereyu angakhale nazo m'nyumba mwake, sizasi, nyali ya galasi losweka, mpando wa mwendo umodzi womangidwa ndi waya, ndinagona ndisanapeze chachinayi, ndipo shifiti yanga ya pakhomo imayamba m'mamawa. Imelo kwa mayi aja ndinaitumiza patatha masabata asanu ndi limodzi, zomwe anayankha ndidzakuuzani gawo 18.