Chaja ya Outlander ndi ulendo wa ku Lusaka umene unapita pachabe

Ino ndi sabata yachitatu galimoto ikutchajidwa bwinobwino pakhomo pano ku Kalongwezi, ku Chipata. Mtima wakhala pansi tsopano, nditha kufotokoza osatukwana munthu.

Galimoto yanga ndi Mitsubishi Outlander PHEV ya 2015, yochokera ku Japan, inalowera pa Nakonde. Ili ndi injini ya petulo komanso batire ya 12 kWh yotchaja pa magetsi a m'nyumba. Za msonkho ndi mapepala sindinenapo, mukuzidziwa. Inabwera ndi chingwe chake m'buti, koma pulagi yake ndi ya ku Japan, silowa m'soketi zathu za mano atatu, ndipo pa kabokosi kake analembapo 200V pomwe kuno timagwiritsa 230V. Alamu anga anati tingodula pulagiyo tiikepo ina. Ndinakana. Ngongole ya galimotoyi sindinamalize, sindingayesere pamenepo.

Ndiye musanatulutse ngwee iliyonse yogulira chaja, tsegulani kachitseko kotchajira, mujambule ndi foni. Ine sindinajambule.

Ndinapeza munthu wogulitsa machaja ku Lusaka, tinkalankhulana pa WhatsApp. Mawu ake okoma ngati uchi: "Bwana, tengani ya pakhoma ya 7 kW, maola awiri osakwana yadzaza." Sanandifunse kuti galimotoyo ndi yochokera kuti, inenso sindinadziwe kuti n'zofunika. Ndinakwera basi ya mbandakucha, galimoto n'kuisiya kuti ndisawononge petulo. Makilomita opitirira 500 pa Great East Road, nthochi za pa Nyimba, nsomba za pa Luangwa Bridge, kufika madzulo, kugona kwa achibale, m'mawa kulipira ndalama zoti zikanagula matumba angapo a feteleza, n'kubwerera ndi katoni pamiyendo ngati khanda. Masiku awiri a ntchito amenewo.

Loweruka mmisiri wa magetsi anabwera, anaboola khoma, bokosi n'kupachikidwa. Ana anasonkhana. Ndinatenga mutu wa chingwe kuti ndibaye pa galimoto, osalowa. Ndinatembenuza, osalowa. Kuyang'anitsitsa, wa chaja uli ndi mabowo 7 ndipo pamwamba pake ndi pophwatalala. Wa galimoto ndi wozungulira, mano 5, ndi pokolera pamwamba. Umenewo ndiwo amati Type 1, wa magalimoto ochokera ku Japan. Umene anandigulitsa ndi Type 2, wa ku Ulaya. Pa galimoto, pambali pa Type 1 uja, pali bowo lina lalikulu, la CHAdeMO, koma ilo ndi la makina otchaja mwachangu, si la kunyumba.

Kumuimbira wogulitsa uja, anati katoni yatsegulidwa ndipo bokosi laikidwa kale pakhoma, sangalandirenso. Kenako popanda manyazi: "Koma bwana, adaputala tili nayo, muwonjezereko pang'ono." Ndinadula foni. Mpaka lero ndikakumbuka mawu akuti "muwonjezereko" mutu umanditentha. Funso limodzi lokha, lakuti tumizani chithunzi, likanandipulumutsa. Iye ntchito yake ndi yomweyo tsiku lililonse, sakanalephera kudziwa.

Chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo. Mmisiri uja, bambo wachikulire wofatsa, anawerenga kabuku ka galimoto n'kunena kuti, "Bambo, botolo limamwa molingana ndi kukamwa kwake." Chaja yeniyeni ili m'kati mwa galimoto, ndipo ya Outlander imeneyi imalandira pafupifupi 3.5 kW basi, ndiye kuti ma-amp 16. Bokosi la pakhoma ntchito yake n'kupereka magetsi ndi kuteteza. Ukaika la 7 kW kapena la 22 kW, galimoto imakokabe zomwezo. Maola awiri aja linali bodza ngakhale mutu ukanalowa.

Ndaiwala kunena: ndisanapite ku Lusaka ndinabwereka chaja yonyamula kwa mnzanga kwa masiku atatu, n'kuilumikiza ndi ekisitenshoni kuchokera m'khitchini. Usiku wachiwiri ndinamva fungo la pulasitiki, soketi itachita bii m'mphepete. Ketulo imakoka magetsi kwa mphindi zochepa, galimoto imakoka maola asanu osapuma. Ekisitenshoni iwalani.

Chimene ndinamaliza nacho n'chotchipa kuposa choyamba: chaja yonyamula ya Type 1 yosinthika ma-amp, kuchokera pa 8 mpaka 16. Ulendo uno ndinatumiza zithunzi zitatu ndisanalipire, ndipo inabwera yokha pa basi. Mmisiri anakoka waya wa 4mm kuchokera pa bokosi la mabreka, breka yakeyake ndi earth leakage yakeyake (kachipangizo kozimitsa magetsi akayamba kuthawira pansi), n'kuika soketi ya buluu ya 16A, ija mumaiona kwa owotcherera zitsulo, pansi pa denga la khonde pomwe mvula sifika. Waya ndi paipi tinagula ku Down Shops. Pa 16A batire imadzaza m'maola pafupifupi anayi, pa 10A asanu kapena asanu ndi limodzi.

Maola amenewa si nkhani yaing'ono kwa amene tinaona 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akubwera pakati pa usiku n'kupita tambala asanalire. N'chifukwa chake ndinaumirira 16A. Funsaninso wogulitsa ngati chajayo imayambanso yokha malaiti akabwera. Yanga imatero, sindidzuka. Za WiFi ndi app pa foni, kwa ine ndi zokongoletsa chabe.

Usiku woyamba chaja yatsopanoyo inangoyaka nyali yofiira. Ndinati basi, andiberanso. Koma vuto linali earth ya nyumba: waya wopita ku chitsulo chapansi kuseri kwa khitchini unaduka kalekale, mwina ndi khasu. Firiji ndi TV zinkagwira ntchito osadandaula, chaja inakana. Tinakhoma chitsulo chatsopano, nyali n'kubiriwira. Mmisiri ayeze earth musanagule kanthu. Ndipo dzinja likafika, ziphaliwali za m'mapiri a Chipata mukuzidziwa, ine kukachita mdima kumwamba ndizizula chaja.

Kudzaza kamodzi kumandidyera mayunitsi pafupifupi 10, ndipo ndimayenda nawo makilomita 35 mpaka 40. Kusukulu kwa ana, kuntchito, kumsika wa Kapata, injini osalira. Ulendo wa ku Katete petulo amayamba kupsa ndisanafike theka la njira, ndipo palibe chodandaula pamenepo.

Jambulani pobayira paja, ndanena kale. Bokosi la 7 kW lili pamwamba pa wadiropu, ndikudikira wina wa galimoto ya Type 2. Mabowo anayi aja pakhoma, amayi a kunyumba anakhomamo misomali, akupachikapo malichero.