Dothi m'penti ya geti

Bambo anga akhala akuwotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Ndirande kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo mdani wawo ndi mmodzi yemweyo, dzimbiri. Geti amalikwecha ndi sandipepa, kulipaka redi okisaidi, kenako penti yakuda. Koma zikangodutsa mvula zitatu mwini wake uja watulukira: "Amisiri, taonani m'munsimu." Pomwe madzi amakhazikika penti yatukuka kale, chitsulo chafiira.

Chifukwa chake ndinadzachimvetsa nditayamba kuphunzira chemistry. Penti ikauma imaoneka ngati yatseka paliponse, chonsecho ili ndi timipata tosaoneka ndi maso. Chinyezi ndi mpweya zimalowerera pang'onopang'ono mpaka kukapeza chitsulo. Kale mafakitale ankathira mtovu kapena mankhwala a chromate mu penti yoyambirira, ndipo ankagwiradi ntchito. Vuto lake chromate amayambitsa khansa, moti ku Ulaya anamuikira malamulo okhwima kuyambira 2017.

Chimene chandikoka mtima ine ndi dothi. Pali dongo lina lotchedwa montmorillonite lomwe limagawika m'timapale topyapyala kwambiri: tengani milimita imodzi, muigawe ka miliyoni, ndiko kuchindikala kwa kaphale kamodzi. Akathira pang'ono chabe mu penti, nthawi zambiri osapitirira magawo 5 pa 100, timapaleti timagona mosanjikizana, ndiye madzi sangalowenso molunjika. Amazungulira kaphale aka, n'kukumana ndi kena, ngati munthu wodutsa pakati pa nyumba za ku Ndirande kuno m'malo moyenda mumsewu wa tala. Amadzafikabe, koma mochedwa zedi. Penti zotere amazitcha nanocomposite. Akatswiri a Toyota ku Japan anayamba kusakaniza dongoli ndi nailoni cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ngakhale iwo ankafuna zipangizo zolimba za galimoto. Ena lero, m'malo mwa dongo, amathira graphene (timapale topyapyala kwambiri ta kaboni) kapena ufa wa mankhwala otchedwa zinc oxide.

Nayo penti yeniyeniyo akuyesa kuipanga kuchokera ku zomera ndi zinyama m'malo mwa mafuta okumba pansi. Ina amapanga ndi chitosan, mankhwala ochokera ku zikamba za nkhanu. Ina amapanga ndi mafuta a m'makoko a cashew, mtedza umene anzathu a ku Nampula ku Mozambique amalima kwambiri.

Nditawafotokozera bambo anaseka mpaka kuvula magalasi owotcherera aja. "Ndiye ndikatape dothi ku Nasolo ndithire m'chitinimu?"

"Ayi bambo, musayerekeze."

Dongolo likapanda kumwazikana bwino limaundana timibulu, ndipo pambali pa kambulu kalikonse pamatseguka njira ya madzi yoposa ija inalipo kale. Kulimwaza kumafuna makina, si kamtengo kotakasira.

Anagwedeza mutu, n'kundipatsira sandipepa. Panali geti la kutchalitchi lofunika kutha Loweruka, ndipo mbali ya m'munsi inali isanakwechedwe.