Lipoti la ulendo wokayeza zomera ndi dothi la peat m'madambo a ku Nyika

Gulu lathu linakwera ku Nyika m'dzinja, nthawi imene maluwa a m'gulu la chinaka (ma orchid) amakhala atamasula. Tinadzera ku Rumphi ndi ku Bolero n'kukalowera pachipata cha Thazima. Kuchokera pamenepo kukafika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo msewu wake umaterera mvula ikagwa. Chilolezo chotenga zomera ndi dothi tinali titatengeratu ku nthambi yoona za nyama zakutchire ndi mapaki, ndipo tsiku lililonse tinkayenda ndi msilikali wa m'paki.

Peat ndi dothi lakuda lopangidwa ndi mizu, udzu ndi ndere zomwe zinalephera kuwola chifukwa chomira m'madzi ozizira opanda mpweya. Ku Nyika limapezeka m'madambo a m'zigwa, pamalo okwera mamita opitirira 2,000. Limakula pang'onopang'ono, nthawi zambiri osaposa milimita imodzi pachaka, ndipo limasunga madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mitsinje ngati North Rukuru, North Rumphi ndi Wovwe, kumene kuli makina opangira magetsi, imayambira pamwamba pomwepa.

Pa dambo lililonse tinkakoka chingwe kuchoka kumtunda kouma, kudutsa pakati, mpaka tsidya lina, ndipo tinkaima pa mamita 20 aliwonse. Poyambira pake ndi zomera, chifukwa mukayamba ndi kuboola mumapondaponda zomwe mumafuna kuwerenga. Timayala chimango cha mapaipi apulasitiki, mita imodzi mbali zonse zinayi, n'kulemba mtundu uliwonse ndi kukula kwa malo amene waphimba. Anthu awiri aziyerekeza payekhapayekha asanauzane. Akayerekeza mokweza mawu, wachiwiri amangovomera za woyamba. Kumtunda kunali udzu wa Loudetia simplex ndi Themeda triandra. Chapakati udzuwu umatha, m'malo mwake mumabwera zomera za m'gulu la mlulu, ndere za Sphagnum, ndi Drosera, kachomera kofiira komwe kamagwira tizilombo ndi timadzi tomata ta pamasamba ake. Malo amene udzu wasinthira ndi ofunika kuwalemba bwino, poti dambo likayamba kuuma mzere umenewu ndiwo umayamba kusuntha.

Kuyeza kuya ndiye pali msampha waukulu. Timagwiritsa ntchito ndodo zachitsulo zolumikizana, iliyonse yotalika mita imodzi, n'kumakankha ndi manja mpaka zitakana. Ndodo ikagunda mchenga imakwecha ndipo m'manja mumamveka. Koma pansi pa madambo ambiri pali dongo lofewa, ndipo ndodo imalowamo bwinobwino ngati idakali mu peat, wolemba n'kuwonjezera theka la mita lomwe kulibe. Nthawi zina imagunda muzu kapena mwala n'kuima msanga. Choncho pamalo amodzi timabaya katatu motalikana pang'ono, ndipo pa malo achitatu aliwonse timatsimikiza ndi chobowolera.

Chobowolera chathu chinali cha mtundu wa Russia, chokhala ndi chibowo chotalika masentimita 50 ndi chitseko chachitsulo. Mumachilowetsa chotseka, mukafika pa kuya komwe mukufuna mumachipotoza theka la kuzungulira, chimadula dothi n'kulitsekera. Nsonga yake imasokoneza dothi la m'munsi ndi masentimita 10 kapena kuposerapo, n'chifukwa chake timaboola mayenje awiri oyandikana n'kumasinthanasinthana: 0 mpaka 50 dzenje loyamba, 50 mpaka 100 lachiwiri, kenako kubwerera. Chitsulocho chitsukidwe nthawi iliyonse, apo ayi dothi lapamwamba limatsikira pansi. Oboola aime pathabwa, chifukwa kulemera kwa anthu atatu kumapanikiza peat yapamwamba.

Kuti tidziwe kuti yawola motani, timafinya kachidutswa m'dzanja motsatira muyeso wa von Post, womwe umayambira H1 kufika H10. Pakatuluka madzi oyera ndipo zomera zikuzindikirika, ndi H1 kapena H2. Madzi akada n'kutsala phala m'dzanja, tili chapakati. Zonse zikapyola m'mipata ya zala ngati phala la mwana, ndi H10. Zotsala timaika m'matumba apulasitiki, chizindikiro chake cholembedwa ndi pensulo papepala losanyowa, chifukwa inki imasungunuka ndi nkhungu. Ku labotale dothilo amaliumitsa pa madigiri 105, kuliyeza kulemera, kenako kuliwotcha pa madigiri 550 kwa maola anayi. Chomwe chapsa ndicho gawo la zomera. Kuda kokha sikutanthauza peat: akatswiri ambiri amafuna kuti gawo limeneli lifike 30 pa 100 ndipo kuya kwake kukwane masentimita 30.

Zomera zopita ku National Herbarium ku Zomba timazipanikiza m'manyuzipepala. Ku Chelinda chinyezi n'chambiri, ndiye mapepala azisinthidwa tsiku ndi tsiku, mukadumpha tsiku limodzi zimayamba chuku. Maluwa a Disa, Satyrium ndi Habenaria sitinazule, tinangojambula. Malo ake sitiwalemba mu lipoti lino mwadala, chifukwa mizu yake imakumbidwa mobisa n'kukagulitsidwa popangira chakudya cha chinaka, chomwe ku Zambia amati chikanda, ndipo wokumba amasiya dambo lili maenje okhaokha.

Chomwe chinatidetsa nkhawa kwambiri ndi m'mphepete mwa madambo. Pamene madzi ayamba kukumba ngalande, peat ya m'mbali imauma n'kung'aluka, ndipo youma imapsa. Moto wa June, udzu udakali ndi chinyezi, umangodutsa pamwamba. Wa October umalowa pansi n'kumanyeka masiku ambiri. Kumtunda, chomera cha fern chotchedwa Pteridium ndi mapaini omera okha kuchokera m'nkhalango yomwe inabzalidwa ku Chelinda m'ma 1950 zikulowerera m'malo a udzu.

GPS ya m'manja imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu, pomwe chimango chathu ndi mita imodzi yokha. Choncho pangodya yakumpoto ya malo aliwonse amene tinayala chimango tinakhomerapo chitsulo cha masentimita 30 mpaka kubisika, choti chidzapezeke ndi makina ofufuzira zitsulo. Zikhomo zamitengo zimapsa, ndipo mbidzi ndi nchefu zimazigwetsa. Muyeso wotsatira uyenera kudzachitika mwezi womwewo umene ife tinayeza, poti zomera zambiri za m'dambo sizizindikirika zikakhala zopanda maluwa.