Mapeleti a 0.45 ndi a 0.53: kutentha kwa ku Nchalo kunabisa yankho

Dzulo m'mawa mapeleti (tizipolopolo ta mtovu ta mfuti ya mpweya) khumi alowa m'bowo limodzi pa mamita 10, pisitolo yanga ya mpweya wa CO2 ili pa vaisi, chida choipana kuti isagwedezeke. Patha masiku asanu ndi limodzi kuti zifike apa, ndipo chomwe chinkasokoneza si kulemera kwa peleti ayi.

Ndinkayerekeza mitundu iwiri ya mapeleti otchedwa RWS R10: a magalamu 0.45 omwe amapangira pisitolo, ndi a 0.53 a mfuti zazitali, onse a mutu wa mamilimita 4.50. Opepuka ndinkawombera m'mawa, olemera masana. Olemerawo mabowo ake ankangondondozana chokwera ndi chotsika.

Nkhani yagona pa CO2. M'silinda mpweyawu umakhala wamadzimadzi, ndipo madziwo ndi amene amachititsa kuti mphamvu ifanane nthawi zonse ukawomba, bola kutentha kusasinthe. Kutentha kukapyola madigiri 31, mpweya sukhalanso wamadzi, mphamvu m'silinda imakwera, hamala ya m'pisitolo imalephera kutsegula mokwanira valuvu yotulutsa mpweya, basi liwiro layamba kusinthasintha. Kuno mu Okutobala kufika 40 si zachilendo, nanji pansi pa malata 2 koloko masana.

Ndiye anzanga, yambani 6 koloko isanakwane. Silinda iyezeni pa sikelo, poti CO2 timaidziwa ndi kulemera kwake. Muzisinthanitsa: asanu opepuka, asanu olemera, kenako kubwereza, kuti onse akumane ndi kutentha kofanana. Mukasintha kampani ya mapeleti, khumi oyamba musawawerengere, mpaipi uyambe wazolowera mtovu watsopanowo.

Yang'ananinso siketi, mbali ya kumbuyo yopyapyala ija, ya peleti iliyonse. Chitini chikagwedezeka pa minibasi kutsika Thabwa chopanda siponji pamwamba, masiketi amapindika, ndipo peleti yopindika imathawa ngakhale ikhale yolemera bwanji. Oitanitsa ku Johannesburg, uzani wotumiza akulunge bwino, ndipo matini onse akhale a loti imodzi, opangidwira pamodzi.

Pa vaisi onse awiri achita bwino. M'manja ndasankha 0.45, chifukwa imatuluka msanga mumpaipi, dzanja lisanaikoke. Bwalo la mapointi 10 la pakati pa chandamale ndi mamilimita 11.5 okha, kagwedezeko kakang'ono kakuponya pa 9.

Chotsatira ndi kuyesa mutu wa 4.49, mwina ndi mapeleti a kampani ya JSB akapezeka. Mvula ikayamba ndikufuna kuwombera mapeleti onse 60 a mpikisano wathunthu tsiku lililonse, uku ndikusakasaka pisitolo ya mpweya wopopa ya 200 bar.