Mphuno ya mtsikana wa Vermeer

Penti ya pamphuno ija yafika pomata, siyaiwisi komanso siinaume. Kuipukuta sikutheka, kupakapo ina sikutheka. Ndangochiimika pakona chithunzicho, chikundiyang'ana.

Patha masabata atatu ndikukopera chithunzi cha Johannes Vermeer, wojambula wakale wa ku Netherlands, chija cha mtsikana wa duku la buluu ndi ndolo ya ngale, chomwe anajambula cha m'ma 1665, chili ku Mauritshuis, nyumba yoonetserako zithunzi mumzinda wa The Hague m'dziko lomwelo. Ine ndimaonera papepala lomwe ndinasindikiza. Lero madala amene amandiphunzitsa penti ya mafuta anadzandiona. Anakhala duu kwa nthawi, kenako anati, "Mwanawe, mzere wa pamphunowu wautenga kuti?"

Ndinati, "Bambo, mphuno iliyonse ili ndi malire ake."

"Tandilozera papepalapo."

Ndinayendetsa chala, ndinayendetsanso. Palibe. Mphuno ya mtsikanayo imangolowerera m'tsaya lakutalilo, kuwala n'kumodzi, palibe chodula pakati. Ine ndinali nditakoka mzere wofiirira kuchokera pansidze mpaka pansonga, ndipo ndinkaunyadira.

Ndolo nayonso chimodzimodzi. Yanga ndi yobulungira bwinobwino, ndinaikanso kawaya kokolera kukhutu. Ya Vermeer kawaya kalibe. Pali kadontho koyera kowala chakumtunda, ndi kuwala kofooka m'munsi kochokera ku kolala yoyera ija, kwinako ndi mthunzi basi.

Mtima unandiwawa, ndisaname. Ndinayamba kudandaula za buluu, kuti Vermeer ankagwiritsa ntchito penti ya ultramarine weniweni wopera kuchokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Afghanistan, pomwe wanga ndi wa m'kachubu kotchipa. Madala anangoti, "Dukulo lili bwino. Ine ndikunena mphuno." Atapita ndinatsuka maburashi mwaukali mpaka imodzi kuthothoka ubweya. Chomwe chikundisautsa n'chakuti nkhope imeneyi ndaiyang'ana tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, maso ali tong'oo, koma chinthu chili pakatikati pa nkhope sindinachione.

Magetsi atazima, mchemwali wanga anakhala pafupi ndi kandulo akusenda mbatata. Ndinapezeka ndikumuyang'anitsitsa, kufunafuna pomwe mphuno yake ikuthera. Mbali ya mdima ndinapapeza. Mbali ya kandulo ayi.

"Achimwene, mukundiyang'ana chiyani?"

Ndinangoti apitirize kusenda, asatembenuke.